Mlimi wa Nkhanu Amalima Udzu

M'chigawo cha Jiangsu, kum'mawa kwa dziko la China, mwezi wa Januwale umadza ndi chisanu cholowa m'mafupa. Dziko lake ndi lachidikha, lodzaza ngalande, nyanja ndi madamu, ndipo mphepo yochokera kumpoto imangowomba popanda phiri loitchinga. Nthawi imeneyi ndi yomwe alimi a nkhanu amatsikira m'madamu awo ophwetsedwa, atavala majombo aatali, kukabzala. Chomwe amabzala si mpunga kapena ndiwo zamasamba. Amazika m'matope timitolo ta udzu wa m'madzi, m'mizere yowongoka yosiyirana mipata ikuluikulu, kenaka n'kulowetsa madzi pang'ono kuti udzuwo ungomira. Nkhanu zimabwera pambuyo, cha mu Febuluwale kapena Malichi, iliyonse ikulemera magalamu 10 kapena kucheperapo. Pomwe zikufika, udzu umakhala utagwira kale pansi.

Alimiwa ali ndi mawu omwe amauzana: wofuna kuweta nkhanu ayambe waweta udzu. Amatinso kukula kwa nkhanu kumaonekera pa udzu. Mawu amenewa sachoka m'mutu mwanga, chifukwa ine ndinakulira pakati pa anthu a khasu, kumene udzu ndi mdani wolawirira m'mawa. Timaupalira, timautentha, masiku ano timaupoperanso mankhwala, ndipo munda wa mlesi timauzindikira ndi tchire lake. Wa m'madzi nawonso timaudziwa ndi mbiri yoipa ya namasupuni, yemwe amaphimba mtsinje wa Shire ndi kutsamwitsa makina opangira magetsi ku Nkula. Ndiye kumva kuti kwina kuli anthu omwe amabzala udzu wa m'madzi ndi manja awo, amaumeta, amautchingira mpanda, amasowa nawo tulo ukayamba kufooka, kumandichititsa kufuna kudziwa chomwe iwo amaona mu udzumo.

Nkhanu yomwe amaweta ndi ija yokhala ndi ubweya pa zopanira zake, yomwe akatswiri a sayansi amaitcha Eriocheir sinensis. Moyo wake umayambira m'madzi amchere pang'ono, pomwe mitsinje ngati Yangtze imathira m'nyanja yaikulu. Tiana timakwera mtsinje kukakulira m'madzi opanda mchere, ndipo nkhanu zikakhwima zimatsikiranso kumathiriro kukaswana. Lero ana ambiri amaswetsedwa ndi anthu m'malo okonzedwa m'mphepete mwa nyanja yamchere, amaleredwa chaka choyamba m'madamu a ana, ndipo chaka chachiwiri amakulitsidwa m'madamu ena ozunguliridwa ndi timakoma tosalala kuti asakwere n'kuthawa. China imakolola matani oposa 700,000 a nkhanu zimenezi pachaka, ndipo pafupifupi theka lake limachokera ku Jiangsu. Nyanja ya Yangcheng pafupi ndi mzinda wa Suzhou, nyanja ya Gucheng ku Gaochun, dera la Xinghua ndi nyanja ya Hongze, onsewa ndi mayina omwe wogula amafunsa pamsika. Kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka Novembala, mabanja amaziphika ndi nthunzi n'kumazidya ndi viniga ndi jinja. Mtengo umatsata kukula: nkhanu imodzi ya magalamu 200 imagulidwa ndalama zambiri kuposa ziwiri za magalamu 100.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake udzu uli pamtima pa ulimi umenewu, ayambe waganizira m'mene nkhanu imakulira. Chigoba chake sichikula. Thupi likadzaza m'kati, nkhanu imang'amba chigoba chakalecho, imatuluka chambuyo, imamwa madzi kuti ifufume, n'kudikira chatsopano kuti chilimbe. M'chaka chokulitsira imafundula chotere pafupifupi kasanu, komaliza cha mu Sepitembala. Kufundula kulikonse ndi mwayi wokula komanso ndi khomo la imfa. Nkhanu yongofundula kumene imakhala yofewa, yosatha kuthawa kapena kudziteteza, ndipo zinzake zomwe zigoba zawo n'zolimba sizizengereza kuidya. Damu loyera pansi, lopanda pobisala, limasanduka bwalo lodyerana. M'damu la udzu nkhanu imalowa pakati pa masamba, imagwira tsinde pamalo pomwe madzi ali ndi mpweya wokwanira, imavula chigoba chake mobisika. Udzu womwewo ndi chakudyanso, pakuti nkhanu zimabudula mphukira zanthete ndi tizamoyo tomwe timakhala pamasambapo.

Komabe ntchito yaikulu ya udzu ili pa madzi. Nkhuku ya m'khola imadya pansi, zitosi zimagwa pansi, koma mpweya womwe ikupuma umalowera pakhomo, ndipo mwini akhoza kubwera ndi tsache n'kusesa. Nkhanu ilibe mwayi umenewu. Madzi omwe ikudyeramo ndi omwewo ikuchitiramo chimbudzi, ndi omwewonso ikupumamo. Mlimi tsiku ndi tsiku amaponya m'damu chakudya chogula m'matumba, chimanga chophika, tirigu, maungu, nthawi zina tinsomba todula. Gawo la chakudyacho limasanduka mnofu wa nkhanu, koma gawo lalikulu la nayitirojeni ndi fosiforasi zomwe zili m'menemo limatsala m'damu, kudzera m'zotsalira ndi m'zotuluka m'thupi. Zimenezi zikamawola zimadya okosijeni wa m'madzi ndipo zimatulutsa amoniya, yemwe amawononga ziwalo zopumira za nkhanu. Okosijeni akachepa kwambiri pansi, matope amada, amanunkha ngati dzira lovunda, ndipo pansi pomwepo ndi pomwe nkhanu imakhala moyo wake wonse.

Chonde chotsala m'madzicho sichikhala chopanda mwini. Pakapanda wochitenga, chimatengedwa ndi ndere, makamaka tizamoyo tobiriwira tosaoneka ndi maso tomwe timayandama m'madzi. Timachulukana m'masiku ochepa, madzi amasanduka phala lobiriwira, kuwala kwa dzuwa kumalephera kufika pansi. Kenaka kukachita mitambo masiku angapo, kapena chakudya chake chikatha, nderezo zimafa nthawi imodzi, zimawola, n'kumaliza mpweya wonse usiku umodzi. Mitundu ina ya ndere imatulutsanso poizoni. Damu lotere limatha kuoneka lamoyo madzulo, m'mawa n'kupezeka litafa.

Udzu womera pansi pa madzi umapikisana ndi ndere pa chonde chomwecho, ndipo ukayamba msanga umapambana. Umayamwa nayitirojeni ndi fosiforasi ndi mizu komanso ndi masamba, n'kuzisandutsa tsinde ndi tsamba. Masana umatulutsa okosijeni m'kati mwenimweni mwa madzi, pafupi ndi pomwe nkhanu zili. Mizu yake imagwira matope kuti mphepo ndi miyendo ya nkhanu zisawavundule, motero madzi amakhala oyera ndipo dzuwa limafika pansi, zomwe zimathandiza udzuwo kukula kwambiri. Pamasamba pake pamakhala mabakiteriya omwe amasintha amoniya kukhala chinthu chosaopsa kwenikweni. M'nyengo yotentha mthunzi wake umachititsa kuti pansi pazikhala pozizirirapo kusiyana ndi pamwamba. N'chifukwa chake kubzala kumachitika chisanu chili m'kati, nkhanu zisanabwere ndiponso ndere zisanadzuke. Akuluakulu athu anati mmera m'poyamba, ndipo m'damu la nkhanu yemwe wayamba kugwira malo pakati pa udzu ndi ndere ndiye amalamulira chaka chonse.

Chomwe chimandikopa kwambiri n'chakuti alimiwa sadalira mtundu umodzi. Udzu wobzalidwa m'chisanu uja ndi Elodea, wochokera ku North America, womwe unalowa m'dziko la China m'zaka za m'ma 1980 kudzera ku Japan. Umakonda kuzizira, ndiye umakhala utatambasuka kale pamene nkhanu zikufundula koyamba ndi kachiwiri. Vuto lake ndi kutentha: madzi akapyola madigiri 30 umasiya kukula, umafooka, umayamba kuwola. Pamenepo mpomwe pamafunika Hydrilla, udzu wa masamba ozungulira tsinde, womwe umakondwa ndi dzuwa la Julayi ndi Ogasiti. Koma nkhanu zimaukonda kwambiri, moti ukangophuka zikhoza kuumaliza usanakule, ndiye mlimi amautchingira ndi ukonde mpaka utalimba. Wachitatu ndi Vallisneria, wa masamba aatali opyapyala, womwe amafesa njere zake cha mu Epulo. Mizu yake imagwira matope bwino, ngakhale kuti nkhanu zimakonda kuukumba ndi kuudula, masamba n'kumayandama pamwamba kudikira woti awavuule.

Mitundu itatuyi imalandirana ntchito m'kati mwa chaka, wina akamatopa wina akudzuka. Mlimi amakonza kuti udzu wonse pamodzi uphimbe pafupifupi theka la damu kapena kupitirirako pang'ono, malo otsalawo akhale njira zomwe madzi ndi mphepo zizidutsa, komanso moponyera chakudya. Madzi amawayamba ochepa kuti dzuwa litenthetse pansi, n'kumawaonjezera pang'onopang'ono pamene kukutentha. Nkhanu amaika zochepa, imodzi kapena ziwiri pa sikweya mita iliyonse. Munthu wosadziwa akhoza kuona ngati malo akuwonongeka, chifukwa damu lomwelo likhoza kulandira zochuluka kuposa pamenepo.

Nzeru imeneyi inagulidwa ndi misozi. Pamene ulimi wa nkhanu unkafalikira m'zaka za m'ma 1990, mtengo unali wabwino ndipo aliyense ankafuna kuika zambiri. M'nyanja zina za m'chigwa cha Yangtze, nkhanu zothiridwa mopyola muyeso zinadya udzu wachilengedwe mpaka kuumaliza, madzi omwe anali oyera n'kusanduka amatope ndi ndere. M'madamu, kuthinana ndi madzi oipa kunabweretsa matenda, kuphatikizapo aja omwe amachititsa miyendo ya nkhanu kunjenjemera mpaka kufa. Zomwe zinkapulumuka zinali zazing'ono, zakuda pamimba, zotsika mtengo. Alimi ndi alangizi anafika povomereza kuti kuchulukitsa nkhanu sikunali kupindulitsa, ndipo cholinga chinasintha kukhala kukulitsa nkhanu. Kuchokera apo kubzala udzu, kuthira nkhono za m'madzi ndi kuchepetsa chiwerengero kunasanduka maziko a ntchito yonse.

Panabweranso phunziro lina, lowawa kwambiri, lomwe linakhudza ngakhale anthu omwe sanagwirepo nkhanu. Nyanja ya Taihu, imodzi mwa nyanja zikuluzikulu za madzi opanda mchere ku China, ndi yotakata koma yosaya, pafupifupi mamita 2 okha. Kwa zaka zambiri inkalandira zonyansa za m'mafakitale, za m'zimbudzi za m'mizinda, feteleza wokokoloka m'minda, komanso zotsalira za chakudya cha m'makola aukonde owetera nsomba ndi nkhanu. Kumapeto kwa Meyi 2007 ndere zinaphimba mbali ya nyanjayo pomwe mzinda wa Wuxi umapopa madzi ake. M'mipopi munayamba kutuluka madzi onunkha, ndipo anthu pafupifupi 2 miliyoni anakhala masiku angapo opanda madzi akumwa, akulimbirana a m'mabotolo m'masitolo. Zitatero boma linalimbitsa malamulo. Makola aukonde anachepetsedwa kwambiri m'nyanja ya Yangcheng, ndipo pofika 2019 anachotsedwa onse m'nyanja ya Taihu. Alimi ambiri anasamukira kumadamu akumtunda, ena anasiyiratu ntchitoyo.

Sindifuna kusenzetsa mlimi wa nkhanu mlandu wonse wa Taihu, pakuti zonyansa zambiri zinkachokera kumafakitale, kumizinda ndi kuminda. Mabanja omwe anachotsedwa panyanja anataya moyo womwe anauzolowera, ndipo ululu umenewu ndi weniweni. Koma nkhani ya Wuxi imaonetsa poyera chinthu chomwe damu laling'ono limaphunzitsa mwakachetechete chaka chilichonse: madzi amasunga chilichonse chomwe apatsidwa, ndipo tsiku lina amachibweza. Masiku ano m'madera ambiri a kumeneko mlimi amayembekezeredwa kudutsitsa madzi otuluka m'damu lake m'maiwe ena odikhitsira matope ndi odzala zomera asanawatayire mumtsinje. Udzu womwe unkateteza nkhanu zake wapatsidwanso ntchito yoteteza mnansi wa kumunsi.

Apa munthu akhoza kuganiza kuti udzu ndi mankhwala a zonse, ukachuluka zinthu ziyenda bwino. Alimi odziwa amaopa maganizo amenewa. Chomera chomwe chimatulutsa okosijeni masana chimaugwiritsanso ntchito usiku, pamodzi ndi nkhanu, nkhono ndi mabakiteriya. M'damu lodzaza udzu thothotho, mpweya umakwera kwambiri masana n'kutsika moopsa m'bandakucha. Madzi sayenda pakati pa udzu wothinana, ndiye pansi pamatsamwa ngakhale pamwamba pakuoneka pobiriwira bwino. Masana udzu wochuluka umayamwa mpweya wa kaboni wambiri, zomwe zimasintha madzi m'njira yochititsa amoniya kukhala waukali kwambiri. Ndipo mu Juni ndi Julayi chigwa cha Yangtze chimalowa m'nyengo ya mvula ya masabata angapo, mitambo ili bii, dzuwa osaoneka. Udzu umafooka m'masiku amenewo, kenaka mvula ikangoleka kumabwera kutentha koopsa. Elodea yemwe anasiyidwa kuti afike pamwamba pa madzi amapsa kumutu, mizu imawola, zigamba zonse zimazuka n'kuyandama. Udzu womwe unali mtetezi wa damu ukhoza kulipha m'masiku ochepa.

Chifukwa cha ichi, kuyambira cha mu Meyi ntchito yaikulu ya mlimi ndi kumeta. Amalowa ndi bwato laling'ono kapena kuyenda m'madzi ofika m'chifuwa, ali ndi chikwakwa kapena makina odulira, n'kumadula mitu ya udzu kuti ukhale masentimita 20 kapena 30 pansi pa madzi, pomwe dzuwa silingaupsereze. Amatsegulanso njira zomwe zatsekeka. Zodulidwazo saziyerekeza kuzisiya m'madzi. Amazikokera kumtunda, mitolo yolemera yonyowa, tsiku ndi tsiku, thukuta lili kamukamu. Usiku amayatsa makina opopera mpweya, ena ovundula madzi pamwamba, ena otulutsa thovu losalala kudzera m'timapaipi toyalidwa pansi.

Pa kukokera udzu kumtunda ndi pomwe ndimaima n'kulingalira kwambiri, chifukwa ndi pomwe kuyeretsa kwenikweni kumachitikira. Udzu suwononga chonde chotsala m'madzi, umangochisunga m'thupi mwake. Ukafera m'damu momwemo, zonse zomwe unayamwa m'miyezi isanu zimabwerera m'madzi nthawi imodzi, pa nyengo yomwe nkhanu zili zazikulu ndipo kutentha kwachepetsa kale mpweya. Chonde chinalowa m'damu pamsana pa munthu, m'matumba a chakudya, ndipo chiyenera kutulukanso pamsana pa munthu, m'mitolo ya udzu. Timakonda kukamba za chilengedwe ngati wantchito waulere yemwe angatichotsere zonyansa ife tili khale. Damu la nkhanu limakana bodza limeneli. Chilengedwe chimagwira mbali yake mokhulupirika, koma mbali yomaliza ndi ya munthu, ndipo ndi yolemetsa, yobwerezabwereza, yopanda wokuombera m'manja.

Chaka cha 2022 chinayesa luso limeneli kufika pamapeto. Chigwa cha Yangtze chinakhala masabata ambiri pa kutentha kosaneneka, malo ena kupyola madigiri 40, mvula osagwa, mitsinje ikuphwa. Nkhanu zimadya ndi kukula bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 20 ndi 28. Akatentha kupyola apo zimasiya kudya ndipo zimachedwa kufundula. Chaka chimenecho zokolola zinachedwa, ndipo nkhanu zikuluzikulu zinasowa pamsika. Pa nyengo yotere chomwe chimasiyanitsa damu lina ndi linzake ndi ntchito yomwe inagwiridwa miyezi ingapo m'mbuyo: ngati Elodea anametedwa pa nthawi yake, ngati Hydrilla anatchingiridwa mpaka kulimba, ngati njira za madzi zinatsegulidwa. Pamene kutentha kwafika, nthawi yokonza imakhala itadutsa. Ndipo popeza nyengo zotentha chotere zikubwera kawirikawiri, funso la mtundu wa udzu womwe ungapirire likukula chaka ndi chaka.

Pali zipangizo zoyezera mpweya ndi amoniya, ndipo alimi ambiri ali nazo, ena zolumikizidwa ku foni. Koma luso lalikulu likadali m'maso ndi m'manja. Mlimi amazungulira damu m'bandakucha, nthawi yomwe mpweya uli wotsika kwambiri. Akaona nkhanu zakwera pamwamba pa udzu kapena zatulukira kugombe zosafuna kubwerera, amadziwa kuti pansi pavuta. Amazula tsinde limodzi n'kuyang'ana mizu: yoyera ikutanthauza moyo, yachikasu ndi chenjezo, yakuda ndi uthenga wakuti matope awola. Amaona ngati masamba ali oyera kapena akutidwa ndi litsiro. Amadziwanso kuti madzi oyera mopitirira kumayambiriro kwa chaka amaitana ndere zazitali zonga ulusi zomwe zimakola tinkhanu ndi kupanikiza udzu, ndiye nthawi zina amathira chonde pang'ono mwadala. Nkhono zomwe amathira m'damu zimadya zotsalira pansi ndi ndere za pamasamba, pambuyo pake n'kudzakhala chakudya cha nkhanu. Kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ulimi uwu wonse ndi wa munthu wodekha, woyang'ana zing'onozing'ono zisanakule.

Tsiku la msika likafika, sikelo imayeza nkhanu yokha. Wogula amaitembenuza kuona ngati msana uli wobiriwira mowala, mimba yoyera, ubweya wachikasu, miyendo yamphamvu. Palibe amene amafunsa za mitolo ya udzu yomwe inakokedwa mu Juni. Komabe kuyera kwa mimbayo kukuchitira umboni matope omwe sanawole, ndipo kulemera kwake kukuchitira umboni kufundula kasanu komwe kunachitika mwamtendere. Mlimi wathera mphamvu zake zambiri pa chinthu chomwe sadzagulitsa, ndipo phindu lake lonse latsamira pomwepo. Ndimaona kuti apa pali choonadi chomwe chimakhudza ntchito zambiri za anthu. Maso athu amathamangira chomwe chimawerengeka ndi kugulitsika: matumba a chimanga, mabasiketi a nsomba, ana okhoza mayeso. Chomwe chimabereka zimenezi, nthaka, madzi, mphunzitsi wa kalasi yoyamba, timachiona ngati chinthu chomwe chilipo basi ndipo chidzakhalapobe. Timachikumbukira chikafooka.

Ngakhale nkhanuyi ndi ya kutali, udzu wake si wachilendo kwathu. M'magombe osaya a nyanja ya Malawi muli minda yachilengedwe ya Vallisneria, wa mtundu wapachibale ndi womwe alimi a ku Jiangsu amafesa, ndipo tiana ta nsomba timabisala m'menemo. Nyanja ya Malombe inali ndi udzu wambiri pansi pake pa nthawi yomwe inkatchuka ndi chambo. Makoka okokedwa pansi chaka ndi chaka anagwira nsomba zosakhwima ndipo anapalanso udzuwo, ndipo akatswiri a za nsomba amatchula kutha kwa udzu pakati pa zifukwa zomwe chambo chinagwera kumeneko. Palibe msodzi yemwe anadzuka ndi cholinga chowononga pobisala pa nsomba. Aliyense ankayang'ana za m'khoka, monga momwe alimi a nkhanu a m'ma 1990 ankayang'anira chiwerengero. Kusiyana kwake n'kwakuti damu lili ndi mwini mmodzi yemwe amamva kuwawa m'thumba mwake chaka chomwecho, pomwe nyanja ndi ya tonse, ndipo kuwawa kwake kumagawika mpaka aliyense kuona ngati si kwake.

Sindikunena kuti tiitanitse nkhanu yaubweya kapena udzu wa Elodea. Nkhanu imeneyi inapezeka ku Germany mu 1912, itabwera m'madzi a m'zombo, ndipo inafalikira m'mitsinje ya ku Ulaya mpaka mu Thames ku London, komwe imakumba magombe ndi kusokoneza zamoyo za komweko. Ili pa mndandanda wa zamoyo zolowerera zoopsa kwambiri padziko lapansi. Namasupuni nayenso anachokera ku South America ngati duwa lokongola. Iye amayamwa chonde mwamphamvu, koma poti amayandama, okosijeni wake amapita kumwamba, pomwe madzi a pansi pake amakhala mumdima, opanda mpweya. Komanso kwathu damu lodzaza udzu limatha kusunga nkhono zofalitsa likodzo, zomwe ndi zosiyana ndi zomwe alimi a ku China amathira mwadala. Wotengera njira ya Jiangsu osaganizira zimenezi akhoza kudwalitsa ana ake. Nsomba zathu ngati chambo ndi makumba zimadya ndere za m'madzi, moti mlimi wa nsomba amathira manyowa dala kuti madzi abiriwire, zomwe mlimi wa nkhanu amaziopa. Yankho la damu lina silingasamutsidwe lonse kupita kudamu lina.

Chomwe chingasamuke ndi kaganizidwe kake. Mlimi wa ku Xinghua amayamba ndi kufunsa kuti chamoyo chomwe akuweta chimafuna madzi otani, pa mwezi uti, ndipo ndani angamusamalire madziwo usana ndi usiku pamene iye ali kunyumba. Akapeza yankho amalipatsa malo, ngakhale malowo akanatha kuikapo nkhanu zina. Amavomereza kukolola zochepa pa chiwerengero kuti akolole zolemera. Amadziwa muyeso, kuti chabwino chikapyola chimapha. Ndipo amawerengera kuti chilichonse chomwe waponya m'madzi chili ndi kolowera, kaya m'mnofu wa nkhanu, kaya m'mtolo wa udzu pagombe, kaya m'mpopi wa munthu wa kumunsi.

Ndimakhulupirira kuti kulemekeza ntchito yotere ndi nkhani ya chilungamo komanso ya nzeru. Tikamapanga malamulo a usodzi, tikamalangiza alimi a nsomba, tikamasankha choti tithirire ndalama, tiyenera kufunsa kuti ndani akusamalira gawo lomwe silipita kumsika, ndipo ngati palibe, tidziwe kuti zokolola zomwe tikunyadira ndi ngongole. Mudzi womwe wagwirizana kuti makoka asakokedwe pamalo a udzu pomwe nsomba zimaswana ukugwira ntchito yofanana ndi ya mlimi wa nkhanu, ngakhale sudzalandira kalikonse pa tsikulo. Mlimi wa nsomba yemwe akudutsitsa madzi a m'damu lake m'dimba kapena m'bango asanafike kumtsinje akugwiranso ntchito yomweyo. Anthu otere amafunika kuwathandiza, kuwatetezera malamulo awo kwa owaphwanya, ndi kuwawerengera ngati alimi enieni a zomwe tonse timadya.